Chidule cha Khutuba ya Lachisanu ku Mwanza: Thandizo la Kunja ndi Udindo Wathu pa Mzikiti

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad (SAW).

Abale ndi alongo m'Chisilamu, maiko ena adaika malire pa ndalama zakunja zothandizira mizikiti. M'chaka cha 2015 dziko la Austria lidaletsa kuyendetsera mizikiti ndalama zoterezi, ndipo mu 2021 dziko la France lidalamula kuti mphatso zikuluzikulu zakunja zidziululidwa ku boma. Iwo amati mwini ndalama sachedwa kusanduka mwini mawu a pa mimbari.

Nkhaniyi ikutikhudza. Mizikiti ndi madrasa ambiri m'Malawi zidamangidwa ndi thandizo la African Muslim Agency, bungwe la ku Kuwait limene Dr Abdul Rahman Al-Sumait adayambitsa mu 1981. Tikukumbukiranso June 2003, pamene amuna asanu akunja adagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti ankapititsa ndalama ku Al-Qaeda. Adatulutsidwa m'dziko muno, ku Mangochi kudabuka zipolowe, koma pambuyo pake adamasulidwa ku Sudan popanda mlandu. Kukayikiridwa kudagwera Asilamu tonse.

Chisilamu sichiletsa kulandira sadaka ya m'bale wakutali. Chimene chimafuna ndi amana, kukhulupirika pa chuma chosungitsidwa. Ayah yaitali koposa m'Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Nanga chuma cha nyumba ya Allah tingachisunge bwanji pamtima pokha?

Choncho komiti iliyonse ilembe dzina la wopereka, kuchuluka kwa ndalama ndi ntchito yake. Ndalamazo zidutse ku banki m'dzina la mzikiti, osati la munthu. Ndipo ziwerengedwe pamaso pa jamaa. Mphatso yobwera ndi lamulo losankha imamu kapena logawanitsa Asilamu ibwezedwe mwaulemu.

Komanso tidziwe kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Wakunja angamange khoma, koma malipiro a amwalimu, madzi a udhu ndi magetsi ndi udindo wathu. Umar (RA) adapereka munda wake wa ku Khaibar kukhala wakfu. Nafenso a ku Mwanza tili ndi manachesi ndi malonda a pa chipata cholowera ku Zobue. Banja lililonse litapatula mtengo umodzi kuti zipatso zake zikhale za mzikiti, wakunja atatseka dzanja adhana singaleke kumveka.

Allah atipatse rizki la halali ndi mitima yopatsa. Ameen.