Tisapite Nazo Kumanda Ntchito za Mulungu

Lamulungu lina titatsiriza mapemphero pa mpingo wina kuno ku Angónia, mayi wachikulire anapempha mpata wolankhula. Anafotokoza m'mene anathawira nkhondo usiku, mwana ali kumsana, kufikira atalowa m'boma la Dedza, ndi m'mene anaikira mwamuna wake m'manda m'dziko la eni. Sanabise kuti kwa zaka ziwiri analeka kupemphera. Koma amayi a Chigwirizano a kumeneko sanatope kumuyendera, mpaka mtima wake unabwerera kwa Mulungu.

Atakhala pansi, mayi wina wamasiye amene anali atasiya kudya Mgonero anadzuka nakakhala pambali pake. Ife tinali titamulalikira kambirimbiri osamufika pamtima, koma umboni wa mphindi zisanu unamufika.

Tinachita manyazi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo mayiyu wakhala akupembedza nafe chibwerereni, koma palibe anamufunsapo za ulendo wake. Kodi ndi angati amene tawaika m'manda pamodzi ndi umboni wawo?

Mbiri yathu ikutitsutsa. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anayamba ntchito ku Mphatso mu 1909, ndipo boma la Apwitikizi linatseka ntchitoyo mu 1922. Chikhulupiriro sichinazime, chifukwa makolo anapitiriza kuuza ana awo, ndi okhulupirira kuuzana okhaokha zimene Ambuye anawachitira.

Malembo nawonso satilola kukhala chete. Pa Marko 5:19, munthu amene anatulutsidwa ziwanda anafuna kutsagana ndi Yesu, koma anatumidwa kwawo kuti akafotokozere abale ake. Pa Masalimo 66:16, wamasalimo akuitana anthu oopa Mulungu kuti adzamve zimene zinamuchitikira. Choncho umboni si wa osakhulupirira okha. Ngakhale Mkhristu wakale amafooka, ndipo amafuna kumva kuti Mulungu sanataye mnzake.

Komabe tichenjere. Umboni wina umangowerenga ng'ombe, malata ndi matumba a mbatata, kotero kuti wosauka amatuluka m'tchalitchi akudziyesa wotembereredwa. Umboni woona umakweza Khristu, osati wolankhulayo. Suwonjezera kanthu, pakuti Mulungu safuna kuthandizidwa ndi bodza. Suvula anthu ena pagulu potchula machimo awo. Ndiponso subisa mabala: Paulo anavomera pamaso pa mfumu Agripa kuti anazunza oyera mtima (Machitidwe 26), ndipo anauza Akorinto za munga umene anaupempherera katatu osachotsedwa. Inu amene munapempherera mwana koma anamwalirabe, ndipo lero mukadali mwa Ambuye, muli ndi umboni umene mpingo ukuusowa.

Tikupempha akulu a mpingo kuti pa mapemphero a m'midzi azipereka mpata kwa munthu mmodzi kapena awiri. Achinyamata, tengani kope ndi cholembera, mukakhale pakhonde ndi agogo anu, muwafunse kumene Mulungu anawadutsitsa. Paja amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma sangagonere ngati sananenedwe.

Ambuye atsekule pakamwa pathu, kuti ulemerero ukhale wa Iye yekha. Amen.