Handel ndi opeka nyimbo a ku Mutare

George Frideric Handel anabadwira ku Halle, m'dziko la Germany, mu 1685. Bambo ake ankafuna kuti aphunzire zamalamulo, koma mtima wa mwanayo unali pa nyimbo. Anagwira ntchito ku Hamburg, nakakulitsa luso ku Italy, ndipo mu 1711 opera yake yotchedwa Rinaldo inagwedeza mzinda wa London. Kwa zaka 30 anapekera Angerezi masewero oimba m'Chitaliyana, chilankhulo chimene ambiri mwa iwo sankachimva. Oimba otchuka ankawaitanitsa kunja pa mtengo wokwera, omvera ankachepa, ndipo ndalama zinkalowa m'madzi.

Chimene chinamupulumutsa ndi oratorio: nkhani za m'Baibulo zoimbidwa m'Chingerezi, zodalira kwaya yaikulu, zopanda zovala za sewero. Oratorio yake yotchedwa Messiah anaipeka m'masiku 24 okha mu 1741, ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin mu Epulo 1742. Ndalama za tsikulo zinathandiza zipatala ndi kumasula anthu omangidwa chifukwa cha ngongole.

Ku Mutare, m'dziko la Zimbabwe, nkhani yake ndi yomweyo, kungoti inadzera kutchalitchi. Pa mishoni ya Amethodisti ya Old Mutare, monganso kwathu ku Nkhoma ndi ku Blantyre, nyimbo zinali za ku Ulaya zongomasulira mawu, ndipo ng'oma inkatsala panja. M'zaka za m'ma 1960 mpingowo unalandira Robert Kauffman wa ku America kuti alimbikitse nyimbo za maimbidwe a Chishona. Mmodzi mwa achinyamata amene anagwira naye ntchito anali Dumisani Maraire, wobadwa mu 1944, amene mu 1968 anapita kukaphunzitsa mbira ndi marimba ku University of Washington, ku Seattle. Wina anali Patrick Matsikenyiri, mphunzitsi wa sukulu, yemwe pambuyo pake anatsogolera kwaya ya Africa University, sukulu imene inatsegulidwa mu 1992 pafupi ndi mishoni yomweyo. Kwaya yake inayenda maiko ndi ng'oma ndi hosho (maseche), wina akutsogola, gulu likuvomera. Ine ndimaona kuti Maraire ndi Matsikenyiri anazindikira chimene Handel anachizindikira mochedwa: munthu amaimba ndi mtima wonse nyimbo imene akuimva.

Kusiyana kuli pa kasungidwe. Handel ankalemba noti iliyonse, ndipo mapepala ake a Messiah alipo mpaka lero ku British Library. Anamwalira mu 1759 ali wakhungu koma wolemera, naikidwa m'manda ku Westminster Abbey. Kwathu nyimbo timaphunzitsana pakamwa: mphunzitsi wa kwaya amaimbira a sopurano, kenako a besi, ndipo pofika Lamlungu aliyense waigwira. Njira imeneyi sindiinyoza ayi, chifukwa imalola mayi wosadziwa kuwerenga kuimba mofanana ndi wophunzira, ndipo nyimbo imakula ikamayenda. Koma imataya dzina la mwini wake. Ndi makorasi angati amene Amalawi a ku Sakubva, mumzinda wa Mutare, amaimba m'Chichewa pa maliro ndi pa zikwati, popanda wodziwa amene anawapeka? Maraire anamwalira mu 1999, Matsikenyiri mu 2021, ndipo mayina awo tikuwadziwa chifukwa nyimbo zawo zinasindikizidwa ndi kujambulidwa.

Inu aphunzitsi a kwaya, nyimbo yatsopano ikabadwa, lembani mawu ake, chaka chake ndi dzina la woipeka, ndipo muijambule ngakhale pa foni.