Kumasula Injini ya Galimoto: Mayina Obwereka ndi Aneni a Chichewa

Alembi ndi akonzi a mabuku a ntchito zamanja amadandaula kawirikawiri kuti Chichewa chilibe mawu okwanira ofotokozera umakaniko. Dandaulo limeneli ndi loona mbali imodzi yokha. Mayina a zitsulo za mu injini ndi obwereka ndithu, ndipo palibe chifukwa chopekera ena. Koma mawu onena zimene manja a makaniko amachita, ndiye kuti aneni, m'Chichewa alimo ochuluka, ndipo ndi pa aneniwo pamene mlembi wosasamala amasokeretsa wophunzira. Ntchito yomasula injini ikuonetsa bwino mfundo imeneyi.

1. Injini ndi zigawo zake

Injini za petulo za galimoto zambiri zimatsata njira imene Nikolaus Otto wa ku Germany anaikhazikitsa m'chaka cha 1876. Pisitoni imayenda maulendo anayi m'kati mwa silinda. Imatsika kukoka mpweya ndi mafuta, imakwera kuzipanikiza, imatsikanso ndi mphamvu zikayaka, kenaka imakwera kutulutsa utsi. Pa maulendo anayiwo kirankishafuti imazungulira kawiri, pamene kamushafuti, imene imatsegula mavalavu, imazungulira kamodzi.

Thunthu la injini limatchedwa buloko. Pamwamba pake pamakhala hedi, pakati pa ziwirizi pamakhala gasiketi, ndipo pansi pamakhala sampu yosungiramo oyilo. Makaniko amaganiza zotsegula zonsezi akaona utsi wabuluu, umene umasonyeza kuti oyilo akupsa pamodzi ndi mafuta. Akaona oyilo atasanduka ngati tiyi wamkaka chifukwa cha madzi. Kapena akamva kugogoda pansi pa injini, kumene m'magalaja amati injini yanoka. Ntchito yonse yokonza injini motere amaitcha ovaholo.

2. Kalembedwe ka mayina obwereka

Mayina amene atchulidwawa ndi amene wophunzira adzawamva m'galaja la ku Ndirande kapena ku Biwi, ndiponso amene adzawatchula pogula chitsulo m'sitolo. Mlembi akalemba kuti "mtsuko wamoto" m'malo mwa silinda, wophunzira sadzathandizidwa ndi wogulitsa aliyense. Udindo wa mlembi ndi kulemba mayinawa motsata malamulo a kalembedwe.

Poyamba, phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu. Nchifukwa chake pamalembedwa pisitoni, gasiketi, valavu ndi buloko, kuika lembo la liwu pakati pa malembo amene Chichewa sichiwaphatikiza ndiponso kumapeto kwa mawu.

Kachiwiri, nkhodolero isaiwalike pa mawu monga ring'i, bering'i ndi taiming'i. Liwu lakumapeto kwa mawuwa ndi limene limamveka pa ng'ombe ndi ng'oma, osati la pa ngozi kapena ngongole. Wolemba kuti "beringi" walemba liwu limene makaniko salitchula.

Kachitatu, lamulo loti r alembedwe patsogolo pa e ndi i likutsatidwa pa batire, bering'i ndi kirankishafuti. Komabe mawu ena, monga silinda ndi oyilo, anthu anazolowera kuwalemba ndi l. Mkonzi asankhe kalembedwe kamodzi ndi kukasunga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Chimodzimodzinso agwirizanitsi: buku limene layamba ndi "pisitoni yoyamba" lisasinthe pakati nkumati "pisitoni woyamba".

3. Kumasula ndi kuphwasula

Mneni amene ayenera kutsogolera nkhani yonse ndi kumasula. Mneniyu ndi wa msintho wotsutsa, monga mmene kutsegula kumatsutsira kutseka, ndi kumatula kumatsutsira kumata. Chimene chamasulidwa chikhoza kumangidwanso. Kuphwasula nakonso kumamveka m'magalaja, koma m'chilankhulo cha tsiku ndi tsiku munthu amaphwasula nyumba kapena khola limene sakulifunanso. Choncho kuphwasula kuyenere galimoto yakufa imene zitsulo zake zikugulitsidwa chimodzichimodzi. Injini imene mwini wake akuyembekeza kudzaiyendetsanso imamasulidwa. Kugumula ndi kuphwanya kulibe malo m'buku lotere.

Kusiyana kumeneku si kwa mawu okha. Womasula amachotsa chitsulo chilichonse akuganizira tsiku lodzachibwezera.

4. Mneni aliyense pa malo ake

Ntchito imayamba injini itazizira. Makaniko amachotsa waya wa batire wa mbali ya negetivi, kuti sipanala ikakhudza chitsulo cha galimoto pasathetheke moto. Kenaka amakhetsa oyilo ndi madzi m'zotengera zosiyana. Mneni woyenera apa ndi kukhetsa, osati kutaya, pakuti oyilo wakale sathiridwa pansi kapena m'ngalande, ndipo maonekedwe ake amathandiza kudziwa nthenda ya injini.

Asanavule lamba kapena tcheni cha taiming'i, makaniko amazunguza kirankishafuti mpaka pisitoni yoyamba ifike pamwamba penipeni ndi zizindikiro za taiming'i zigwirizane. M'injini zambiri, taiming'i ikalakwika pomanganso, pisitoni imagunda mavalavu nkuwapinda.

Pa mabawuti a hedi ndi pamene kusankha mneni kuli kofunika koposa. Mabawutiwa sachotsedwa limodzilimodzi mpaka kutheratu. Amayamba akhwefulidwa pang'onopang'ono, maulendo awiri kapena atatu, kuyambira akunja kulowera pakati, mosemphana ndi mmene amamangidwira. Kukhwefula ndi kuchepetsa kulimba kwa bawuti ikadali pamalo pake; kumasula ndi kuitulutsiratu. Buku limene lalemba "masulani" pamene panafunika "khwefulani" likhoza kupindikitsa hedi, makamaka ya aluminiyamu. Kupindika kwake sikuoneka ndi maso, poti mabuku a injini zambiri salola kupitirira pafupifupi mamilimita 0.05, koma nkokwanira kuti gasiketi yatsopano ipsenso.

Hedi imanyamulidwa, siitemedwa ndi tchizulo. Gasiketi yakale imamatulidwa, ndipo zotsalira zake zimapalidwa mosamala kuti nkhope ya buloko isakandike. Gasiketi ya hedi siibwezedwa; pomanga pamaikidwa yatsopano. Injini zina zili ndi mabawuti a hedi amene amatamuka pomangidwa, ndipo amenewanso amasinthidwa.

Sampu ikachotsedwa, makaniko amamasula zivundikiro za mikono ya mapisitoni, imene m'magalaja amaitcha makonirodi. Pisitoni iliyonse imasololedwa cha kumwamba pamodzi ndi konirodi yake, poikankha ndi chogwirira chamtengo. Kusolola ndi kutulutsa chinthu mwa njira imene chinalowera; kuzula kumapereka chithunzi cha mphamvu imene ikhoza kukanda khoma la silinda. Pomalizira pamamasulidwa zivundikiro za mabering'i aakulu, ndipo kirankishafuti imanyamulidwa.

5. Kuika zizindikiro

Zitsulo zofanana maonekedwe sizilowana malo. Chivundikiro cha konirodi yachiwiri chinakonzedwa pamodzi ndi konirodi yachiwiriyo, ndipo chikaikidwa pa yachitatu, kapena chikatembenuzidwa, bering'i imafinyika ndi kupsa. Mpata wa oyilo pakati pa bering'i ndi kirankishafuti ndi wochepa kuposa kunenepa kwa pepala la m'kope, ndipo umayezedwa ndi zida zapadera monga maikiromita. Chifukwa chake makaniko amalemba manambala pa zitsulo asanazichotse, amaona muvi kapena kadontho ka pamutu pa pisitoni kosonyeza kutsogolo kwa injini, ndipo amabaya mavalavu pa katoni motsatana ndi malo awo.

Apa mlembi agwiritse ntchito aneni monga kundandalika ndi kusanja, osati kuunjika. Asiyanitsenso kuona ndi kuyeza, pakuti chitsulo chooneka chabwino chikhoza kukhala chodyeka. Mawu oti kudyeka ndi amene amakaniko amanenera chitsulo chimene chaperepeseka ndi ntchito, ndipo ndi Chichewa chabwino chosafuna kulowedwa m'malo.

6. Kwa aphunzitsi ndi akonzi

Mphunzitsi wa Chichewa akhoza kugwiritsa ntchito nkhani ya injini pophunzitsa msintho wotsutsa: kumanga ndi kumasula, kumata ndi kumatula, kuvala ndi kuvula, kuvundikira ndi kuvundukula. Mkonzi wa buku la umakaniko, asanalitumize kosindikiza, aliwerengere makaniko wodziwa ntchito yake ndi kumufunsa pa mneni aliyense ngati ndi zimenezo zimene manja ake amachita. Dzina lolembedwa molakwika limakhumudwitsa wowerenga, koma mneni wolakwika amaonongetsa injini ya mwini wake m'manja mwa wophunzira amene anangotsatira zimene buku linamuuza.