Mtukula Pakhomo ndi Khasu la Mlimi wa ku Kasungu

Kwathu ku Kasungu ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pa chaka, fodya akayamba kugulitsidwa ku Chinkhoma cha mu Epulo. Pofika Januwale nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndipo banja losauka limasiya munda wake uli thengo n'kukagwira ganyu kwa ena kuti lipeze ufa wa tsikulo. Chimanga chosapaliridwa sichibereka bwino, choncho njala ya chaka chamawa imayambira pomwepo.

Apa m'pamene Mtukula Pakhomo amathandiza. Boma linayambitsa pulogalamuyi ku Mchinji mu 2006, ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Imasankha mabanja osaukitsitsa omwe alibe anthu amphamvu zolima, monga agogo olera ana amasiye, odwala ndi olumala. Palibe amene amawalamula chogula, koma pamakhala kowonjezera pa mwana aliyense wapasukulu.

Timamva kawirikawiri kuti ndalama yaulere imabala ulesi. Kafukufuku yemwe anachitika ku Salima ndi ku Mangochi pakati pa 2013 ndi 2015 anapeza zosiyana: mabanja olandira anagula nkhuku, mbuzi ndi makasu, anachepetsa ganyu, ndipo ana awo ambiri anakhala m'kalasi. Ife ophunzira zauphunzitsi, mfundo yomalizayi sitingaipeputse.

Pamene pavuta m'pamitengo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza anakwera mtengo kwambiri. Ndalama ya mwezi umodzi sikwana thumba. Gogo wosunga pang'onopang'ono akhoza kugula mbuzi, koma fodya wofuna feteleza wambiri, chigafa ndi antchito sangamuyandikire.