Nkhope Ikagwa Mbali Imodzi: Mankhwala Kapena Opaleshoni?

 Lero mlangizi wanu ndasiya za mpunga ndi chinangwa kuti tikambe za nkhope. Masaya akagwa chifukwa cha ukalamba si nthenda ayi, ndipo safuna mpeni wa dotolo. Koma tamverani izi.

Nthawi zina munthu adzuka m'mawa pakamwa patakhota, diso limodzi likukana kutsinzina. Kawirikawiri ndi mtsempha wa nkhope umene watupa. Ambiri achira popanda opaleshoni, makamaka akayamba mankhwala asanathe masiku 3. Koma ngati dzanja kapena mwendo walefukanso, kapena mawu sakumveka bwino, imeneyo ingakhale sitiroko; thamangani naye ku chipatala nthawi yomweyo.

Khate nalonso lifooketsa chikope. Mankhwala ake ndi aulere, ndipo amwedwa miyezi 6 kapena 12. Mtsempha ukathandizidwa msanga, kawirikawiri mphamvu ibwerera. Koma ukakhala wakufa kupitirira miyezi 6, mankhwala okha sakwanira. Pamenepo adotolo asoka chikope kuti diso lisaume ndi kuchita khungu.

Tsono chosankha pakati pa mankhwala ndi opaleshoni ndicho nthawi. Mlimi wopalira udzu ukali waung'ono savutika ndi thengo. Musateme mphini, musataye masiku kwa woombeza. Inu mafumu, mukaona munthu wotere m'mudzi mwanu, mutumizeni ku chipatala cha Boma ku Nkhotakota lero lomwe. Tsalani bwino.