Kulasa chandamale: zimene thupi limachita pokoka uta

Kwa Changata, m'boma la Thyolo, mnyamata sasowa chopangira uta. Nsungwi zilipo, bango la mivi lili m'madambo, ndipo nthenga za nkhuku zimangotoledwa pabwalo. Nyama zimene makolo ankasaka zinachepa pamene nkhalango zinasanduka minda ya tiyi ndi ya chimanga, komanso lamulo likuletsa kusaka popanda chilolezo. Komabe luso loponya muvi likadalipo, ndipo ndi masewera olimbitsa thupi amene tiyenera kuwasamala. Vuto ndi lakuti ambiri amaganiza kuti wolasa bwino ndi wamphamvu. Zoona zake n'zakuti amalasa bwino ndi amene thupi lake limachita chimodzimodzi nthawi iliyonse akakoka uta.

Zonse zimayambira kumapazi. Imani chammbali, phewa la dzanja logwira uta litaloza chandamale, miyendo itatalikirana molingana ndi mapewa. Mukapendekera kumbuyo chifukwa uta ukulemera, muvi umapita pamwamba. Dzanja logwira uta lisafinye ngati likugwira mpini wa khasu. Zala zikafinya, uta umapotoka pang'ono pa nthawi yotaya nsinga, ndipo kupotoka kosaoneka ndi maso kumeneko n'kokwanira kuti muvi uphonye.

Kenaka dziwani diso lanu lotsogolera. Munthu aliyense ali ndi diso limodzi limene ubongo umalidalira kwambiri, ndipo kwa ambiri ndi lakumanja. Tambasulani manja, pangani kabowo pakati pa zikhatho, muyang'ane mtengo wakutali kupyolera m'kabowoko maso onse ali otsegula. Tsinzinani diso limodzi, kenaka linalo. Diso limene likuonabe mtengowo ndilo lotsogolera, ndipo muvi uyenera kukhala pansi pa diso limenelo. Anyamata ena amaphonyera mbali imodzi chaka chonse chifukwa chosadziwa zimenezi.

Pokoka nsinga, ntchito yaikulu ndi ya minofu ya kumsana, imene ili pakati pa mafupa a mapewa. Wokoka ndi mkono wokha amatopa msanga, dzanja limanjenjemera, ndipo pakapita nthawi phewa limayamba kuwawa. Kwezani chigongono chifanane ndi phewa, muchikokere kumbuyo mpaka mumve mapewa akuyandikizana. Dzanja lifike pamalo amodzimodzi pankhope, monga chala cholozera kukhudza ngodya ya pakamwa. Malo amenewa ndiwo muyeso wanu. Mukakoka mopitirira lero, mawa n'kukoka moperewera, mphamvu yokankha muvi imasiyana, ndiye mivi imamwazikana.

Potaya nsinga musaimwetule. Ingomasulani zala, nsinga ichoke yokha, ndipo mukhalebe chiimire mpaka muvi utafika. Amene amatsitsa uta msanga kuti aone kumene muvi wagwera amausokoneza usanachoke n'komwe. Kupuma nakonso kumagwedeza chifuwa ndi mapewa, choncho kokani mpweya pokweza uta, tulutsani pang'ono, gwirani kanthawi kochepa, n'kutaya.

Muviwo uli ndi sayansi yake. Nsinga ikaukankha, umapindika uku ndi uku pamene ukudutsa pa uta, kenaka nthenga zakumbuyo zimauwongola pogwira mphepo. Bango lofewa kwambiri pa uta wolimba limapindika mopyola, pomwe louma gwa pa uta wofewa silipindika mokwanira, ndipo onsewa amapatuka. Sankhani mivi yofanana kutalika ndi kulemera, ndipo muigubuduze pathebulo kuti muone ngati ili yowongoka. Kumbukiraninso kuti dziko limakoka muvi kuyambira pamene wachoka. Chinthu chilichonse chogwa chimatsika pafupifupi mita 1.2 mu theka la sekondi, n'chifukwa chake wolasa patali amaloza pamwamba pa chandamale.

Alenje akale ankadziwa malire a uta wawo. Ankanyang'ama mpaka kufika pafupi ndi nyama, ndipo ankapaka ulembe kunsonga kwa muvi. Pa ulendo wa David Livingstone wa 1858 mpaka 1864, dokotala John Kirk anapeza Amang'anja a m'chigwa cha Shire, kunsi kwa mapiri a Thyolo, akugwiritsa ntchito njere za kombe popanga ulembe. Ulembewo utakhudza mswachi wake, anaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Pambuyo pake Thomas Fraser wa ku Edinburgh anatulutsa m'njerezo mankhwala otchedwa strophanthin, amene madokotala anathandizira nawo odwala mtima kwa zaka zambiri. Ulembe ndi woopsa ndipo ulibe malo pamasewera. Chimene tingatengere kwa alenjewo ndi kuyambira pafupi: mamita 5, kenaka 10, n'kumabwerera m'mbuyo pokhapokha mivi ikamagwera pamodzi.

Pa chitetezo pasakhale kunyengerera. Chandamale chikhale thumba lodzaza udzu, kumbuyo kwake kukhale chulu kapena mtunda, osati njira imene othyola tiyi ndi ana asukulu amadutsamo. Musaponye muvi m'mwamba molunjika. Akulu sananame kuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Muvi wong'aluka uthyoleni, chifukwa ungathe kuphulikira padzanja. Mangani kachikopa pamkono wogwira uta kuti nsinga isakukwapuleni. Phewa likayamba kuwawa, pumulani ndipo mupeze uta wofewerapo. Wina akalasidwa, musazule muviwo, chifukwa magazi angatuluke kwambiri. Thamangirani naye kuchipatala, komwe akaonenso za katemera wa kafumbata.

Masewerawa ali ndi tsogolo. Areneo David anaimira Malawi pa mpikisano wa Olympics ku Rio de Janeiro mu 2016, napitanso ku Tokyo, kumene amalasa chandamale chili pa mtunda wa mamita 70. Uta wake ndi wamakono, koma kaimidwe, kakokedwe ndi katayidwe ka nsinga n'zomwezi. Mafumu, aphunzitsi ndi eni minda ya tiyi kwa Changata angathe kupatula bwalo limodzi lotetezeka, n'kuitana achikulire odziwa kusema uta kuti aphunzitse anyamata ndi atsikana omwe. Mtengo wake ndi wochepa, ndipo aphunzitsiwo akadali ndi moyo m'midzi mwathu.