Kupulumutsa Zolembedwa mu Disiki Yodwala

M'timashopu ta ku Kawale, ku Chinsapo ndi pamsika wa Nsungwi ku Area 25, momwe anyamata amalembera anthu makalata ofunsira ntchito, kuwaikira nyimbo m'mafoni ndi kukonza makompyuta, mumamveka kawirikawiri mawu amene ine ndimawaopa koposa onse, ndiwo akuti, "Bwana, tingoifomata basi." Amanenedwa kwa mphunzitsi amene laputopu yake yakana kuyaka itasunga mayeso a chaka chathunthu, kwa mlembi wa mpingo wosunga kaundula wa obatizidwa, kwa mayi wolemba ngongole za banki m'khonde, ndipo mwini chinthuyo, pakuti mtima uli m'mwamba, amavomera msanga, osadziwa kuti zolembedwa zakezo, ngakhale makina akukana kuzionetsa, nthawi zambiri zimakhala zikadali m'katimo.

Disiki imene yayamba kufooka, kaya idagwa pansi, kaya yakalamba, ikhoza kuonongeka moonjezera nthawi iliyonse pamene iwerengedwa. Chotero mmisiri wanzeru sayamba ndi kuikonza ayi, koma amaikopa yonse, kuyambira baiti yoyamba kufikira yotsiriza, pamodzi ndi malo amene aoneka ngati opanda kanthu, n'kuisandutsa fayilo imodzi yaikulu imene amisiri amaitcha imeji. Ntchitoyi imachitika pa Linux, pulogalamu yaulere imene Linus Torvalds adaiyamba ku Helsinki m'chaka cha 1991, imenenso itha kuyatsidwa kuchokera pa fulashi. Chida chakale ndi dd, chobadwira mu Unix m'zaka za m'ma 1970. Koma pa disiki yodwala ine ndimasankha ddrescue ya Antonio Diaz Diaz, chifukwa imadumpha malo ovuta, imayamba yatola zabwino zonse, n'kubwererako pambuyo, ndiponso imalemba pamene yafika, kotero kuti magetsi akathima pakati pa usiku ntchito siyambiranso pachiyambi. Disiki ya 500 GB imafuna malo a 500 GB, ngakhale mwini wake adadzaza theka lokha, ndipo kukopako kutha kudya tsiku lonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Apa tsono ndi pamene ambiri amakhumudwa. Mmisiri akalamula makina kuti atsegule imejiyo ndi mawu akuti mount, makina amakana, nanena kuti sakuzindikira mtundu wa zosungidwamo. Ndipo mnyamata wosadziwa amaganiza kuti zonse zatha. Koma disiki ili ngati poloti ya ku Area 23 kapena ku Mgona, imene m'kati mwa mpanda umodzi muli nyumba zingapo za lendi, iliyonse ndi khomo lake: wogogoda pachipata sadalowe m'nyumba ya munthu aliyense. Nyumbazo ndiwo mapatishoni, ndipo pachipata pali kabuku kokha konena pamene iliyonse iyambira. M'kachitidwe kakale, kotchedwa MBR, kamene kadabwera mu 1983 ndi PC DOS 2.0, kabukuko kamakhala m'sekita yoyamba ya mabaiti 512, ndipo kamalemba mapatishoni aakulu anayi okha. Makompyuta a masiku ano amatsata GPT, imene imalola ochuluka.

Munthu akalemba fdisk -l disiki.img (disiki.img ndilo dzina la imejiyo), makina amamuonetsa sekita imene patishoni iliyonse iyambira. Ambiri a masiku ano amayambira pa 2048, pamene a nthawi ya Windows XP ankayambira pa 63. Chotsala ndi samu ya ku pulaimale: 2048 kuchulukitsa ndi 512 ndi 1,048,576, ndipo nambala imeneyi ndiyo mtunda wochokera pachiyambi cha fayilo kufika pakhomo la patishoniyo. Akalemba mount -o ro,loop,offset=1048576 disiki.img /mnt, mafoda a m'patishoniyo amaonekera monga adaliri kale. Woopa kulakwitsa samu angathe kulemba losetup -r -f -P --show disiki.img, ndipo makina adzatchula okha patishoni iliyonse, loop0p1, loop0p2, motsatizana. Pa disiki ya Windows, yoyamba kawirikawiri imakhala yaing'ono, yosunga zoyatsira makina. Zithunzi zaukwati ndi makalata zili mu yaikuluyo.

Zilembo ziwiri zija, ro, ndizo ndifuna mwini kompyuta aliyense azikumbukire ndi kuzifunsa kwa mmisiri wake, pakuti zimaletsa makina kulemba kanthu kalikonse mu imejiyo. Ndipo disiki yeniyeni ikafa mawa, imejiyo ndiyo mboni yokha yotsala. Ngati kabuku ka mapatishoni kadafufutika, TestDisk ya Christophe Grenier imafufuza malire ake ndi kuwapezanso. Koma disiki yotsekedwa ndi BitLocker siitseguka popanda kiyi wake, ngakhale mmisiri akhale waluso chotani.

Pali chinanso chimene chimandilemera mumtima. Imeji imasunga zonse za pa disikiyo, nthawi zina ngakhale zimene mwini wake adafufuta kalekale naganiza kuti zidapita: makalata a kuchipatala, nambala za kubanki, zinsinsi za m'banja. Mmisiri waikidwa mdindo wa zinthu za mwini, ndipo pa adindo pafunika kukhulupirika. Ntchito ikatha, atseke ndi umount, amasule ndi losetup -d, apereke imejiyo kwa mwini wake pa disiki ina, ndipo imene yatsala pa makina a mushopu aifufute mwiniyo akuona.